Anthu onse ali pa WhatsApp, nanga bulogu ndi ya chiyani?

Funso: Ndine mlembi wa bungwe lathu la maliro kuno ku Mufakose, ndipo gulu lake la pa WhatsApp ndimayendetsa ndine. Tinayamba tili anthu 40, pano tapitirira 600, ena ali ku Mabvuku, ena ku Epworth, ena ku Joni ndi kumudzi komwe. Poyamba zinali za maliro ndi zopereka basi, koma masiku ano anthu amandifunsa za mapasipoti, za mabasi a ku Blantyre, ngakhale za ndale za ku Lilongwe, ati "mwamva zotani?" Mwana wa mlongo wanga akuti nditsegule bulogu, tsamba langalanga la pa intaneti lolembapo nkhani m'Chichewa. Mnzanga wina akuti mabulogu anatha kalekale, ndingopita pa TikTok. Ndimvere uti? Kodi ndikatero ndiye kuti ndasanduka mtolankhani, boma n'kuyamba kundifuna? Nanga ndalama zilimo? Ndine Naphiri, Mufakose, Harare.

Yankho: Anaphiri, funso la utolankhanilo mwalifunsa mutawoloka kale mtsinje. Tsiku limene mayi wa ku Epworth anamanga chitenje n'kukwera makombi awiri kubwera ku Mufakose chifukwa choti inu mwalemba kuti uje watisiya, osafunsanso wina aliyense, ntchitoyi munali mutaiyamba. Khadi ya utolankhani mulibe, malipiro mulibe, koma katundu wake ali kale pamutu panu. Ndiye yankho langa ndi lakuti bulogu tsegulani ndithu, koma musaitsegule poganiza kuti anthu 600 aja adzasamukira kumeneko. Sadzasamuka. Ntchito yake ndi ina, ndipo ndifikapo.

Ine ndinalowa ntchitoyi nkhani ikadali kudutsa m'manja mwa anthu anayi isanafike kwa wowerenga. Ukalemba, mkonzi wa nkhani ankakubwezera pepala litafiira ndi inki, akufunsa kuti wakuuza ndani, nanga winayo wamufunsa? Kenako wokonza masamba, kenako mkonzi wamkulu, usiku makina n'kulira, m'mawa mavenda ali nayo pamphambano ya Samora Machel ndi Julius Nyerere. Zipata zinali zambiri, ndipo boma linawonjezera chake. Mu 2002 kunabwera lamulo la AIPPA lokakamiza nyuzipepala ndi atolankhani kulembetsa, ndipo mu 2003 nyuzipepala ya Daily News inatsekedwa. Anzathu ambiri anapita kunja n'kukatsegula masamba a nkhani pa intaneti. Kumudzi ku Malawi nako Nyasa Times inayamba mu 2006, mwini wake ali ku Britain. Zida zinalipo kale zaulere: Blogger inayamba mu 1999, WordPress mu 2003. Bulogu masiku amenewo inali kanjira kakumbuyo kozembera mlonda wa pachipata. Koma owerenga ake anali ochepa, a kompyuta ya ku ofesi ndi aja olipira theka la ola m'kafe ya intaneti.

Chimene chinasintha zonse ndi foni ya m'manja. Mukukumbukira chisankho cha 2013 chisanachitike, anthu m'makombi akuwerengerana za Baba Jukwa, tsamba la pa Facebook lopanda nkhope limene linkaulula za m'kati mwa chipani cholamula, zina zoona, zina zongopeka. Mu April 2016 m'busa Evan Mawarire anadzijambula yekha vidiyo yodandaula za dziko n'kuiika pa Facebook, mbendera ili m'khosi, ndipo pofika pa 6 July chaka chomwecho mzinda uno unali zii, anthu atakhala pakhomo ponyanyala ntchito. Palibe mmodzi mwa awiriwa amene anafuna makina osindikizira, ngakhale bulogu yakeyake.

Choncho mnzanuyo sananame kwenikweni. Kungoti chifukwa chake sanachitchule, ndipo chifukwacho ndi mtengo wa data. Econet ndi NetOne amagulitsa bandulo ya WhatsApp yokha pamtengo wotsika kusiyana ndi data yotsegula chilichonse, ndipo anthu athu ambiri amagula imeneyo. Ndinakhalapo pafupi ndi mayi wina m'kombi yochokera ku Mbare, mwana wake atamutumizira linki ya nkhani ya kumudzi. Anadina, foni n'kumangozungulira. Anadinanso, kenako anaipukuta pachitenje ngati vuto ndi fumbi, pomaliza anandipatsa ine kuti, "Tandionereni, yafa kodi?" Foni inali bwinobwino. Bandulo yake inkathera pakhomo la WhatsApp. Linki kwa mayi ameneyo ndi chitseko chokhoma, ndipo pagulu lanu amayi otere alipo ambiri.

Atolankhani ochenjera anaziona msanga. 263Chat, imene Nigel Mugamu anaiyamba mu 2012 ngati macheza a pa Twitter, inadzayamba kutumiza kanyuzipepala kathunthu pa WhatsApp, munthu n'kuwerenga osatuluka m'bandulo yake. The Continent, yochokera ku South Africa kuyambira mu 2020, imayendanso chimodzimodzi. Tengerani pamenepo: nkhani yonse izilowa mu uthenga weniweniwo, yaifupi, yomveka, dzina lanu ndi tsiku zili pamwamba. Linki izibwera kumapeto, ya amene angathe.

Nanga bulogu ya chiyani? WhatsApp ndi lichero, si nkhokwe. Imapeta za lero, mawa zapita ndi mphepo. Yesani kufufuza uthenga umene munalemba chaka chatha wofotokoza zikalata zofunika ponyamula thupi kupita kumudzi kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Mupukusa chala mpaka chitope, ndipo amene analowa pagulu mwezi watha sangauone n'komwe. Foni ikabedwa pa Mbare Musika, kapena nambala yanu ikatsekedwa, zaka zonse zija zapita. Facebook nayo ndi nyumba ya lendi. Inu mukudziwa moyo wa loja muno mu Harare: umapenta chipinda, umadzala maluwa pakhomo, tsiku lina landilodi n'kungoti mwezi ukatha musamuke. Mu January 2018 kampaniyi inasintha kasankhidwe ka zimene anthu amaona, kuika patsogolo za abale ndi anzawo, ndipo masamba a nkhani padziko lonse anangoona owerenga akuchepa popanda chimene alakwa. Twitter, imene atolankhani tinkaiyesa bwalo lathu, inagulidwa mu 2022, chaka chotsatira n'kusintha dzina kukhala X, malamulo ake n'kusinthanso. Palibe amene anatifunsa.

Sindikunena kuti bulogu ndi linga. Mu January 2019, pa zionetsero za kukwera kwa mtengo wa mafuta, boma linalamula kuti intaneti itsekedwe, ndipo zonse zinazima limodzi, mabulogu ndi WhatsApp yemwe, ndipo WhatsApp inakhalabe yotsekedwa mpaka High Court inagamula kuti nduna imene inalamula inalibe mphamvu zotero. Magetsi a ZESA nawo sasankha. Koma intaneti itabwerera, zolembedwa pabulogu zinali pomwe zinasiyidwa, ndi tsiku lake, zopezeka kwa aliyense wofufuza pa Google.

Kupezeka kumeneku ndiye chuma chimene ife tili nacho chosiyana ndi ena, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono. Anthu athu anabwera kuno kalekale, ena wapansi, ena pamalole a Ulere onyamula ofuna ntchito kwaulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ambiri m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963. Anakagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, m'makhitchini a azungu ndi kukhonsolo. Ambiri anachona. Lero ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi kuli adzukulu amene amangodziwa kuti agogo anapita ku Halale osabwerako. Kuno nako kuli adzukulu amene amangodziwa kuti kwathu ndi ku Malawi, mudzi osaudziwa, mfumu osaidziwa. Inu ngati mlembi wa bungwe la maliro muli ndi chimene Herald, NewsDay, Nation kapena Zodiak alibe: mumadziwa kuti malemu uje anali wa mudzi wakuti, kwa mfumu yaikulu yakuti, anabwera chaka chakuti, waikidwa ku Granville kapena ku Warren Hills. Mbiri yotere ikalembedwa pabulogu, banja litavomera, mnyamata wa ku Lizulu akhoza kudzalemba dzina la agogo ake pafoni patapita zaka 10 n'kuwapeza. Pa WhatsApp sangawapeze.

Chimodzimodzinso nkhani ya unzika. Kusintha kwa lamulo mu 2001 kunasiya ana ambiri obadwira konkuno ali ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, osavota. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pagawo 43, anati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lili nzika ya dziko la mu SADC, iye n'kukhala akukhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Papita zaka, koma mpaka lero pamaliro pamapezeka gogo wotulutsa chitupa chachitsulo chakale n'kufunsa ngati zimenezi zikumukhudza. Mukapita nokha ku Makombe, kuofesi ya zitupa, n'kufunsa bwinobwino zofunika kunyamula, n'kuzilemba m'Chichewa chomveka, ndi tsiku limene munafunsa, mwalemba nkhani imene idzagwira ntchito nthawi yaitali kuposa za ndale zonse za sabata ino. Za ku Lilongwe zisiyireni a ku Lilongwe. Inu muli pamtunda wa maola ambiri pabasi, mungangobwereza za eni ake, ndipo kandimverere anakanena za m'maluwa.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani. Zida zonsezi zinachotsa anthu anayi aja amene ankaima pakati pa ine ndi wowerenga. Ntchito yawo sinachoke. Yangogwera pa munthu mmodzi, amene chala chake chili pa batani lotumizira.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira, ine amene ndimaphunzitsa ena. Chaka china, Lachisanu madzulo, msuweni wanga ananditumizira voisi akulira, akuti bambo wina wachikulire wa ku Highfield, wa kwathu, amene tonse tinkadziwa kuti wagonekedwa m'chipatala, watisiya. Wolira sumufunsa mafunso ambiri. Ndinalemba bwinobwino, mwaulemu, n'kutumiza pagulu la anthu a kwathu. Pasanathe maola awiri amayi anali atafika pakhomo paja ndi ufa ndi nkhuni, anyamata akutulutsa mipando m'nyumba. Mayi a pakhomopo anatsika kombi akuchokera kokaona wodwala, m'manja muli kontena yopanda kanthu chifukwa bambowo anali atamaliza phala lonse, n'kupeza nyimbo ya maliro ili m'kati pabwalo lawo. Amene anamwalira anali wina wa dzina lomwelo, wa ku Mabvuku. Mwa ife, theka ndi a Phiri, otsalawo ndi a Banda ndi a Mwale, ndiye dzina lokha silikwanira. Ndinatumiza uthenga wokonza usiku womwewo, koma bodza linali litakwera kale basi. Mwana wawo wa ku Joni anali atagula tikiti. Patapita masabata awiri chipepeso chinali chikulowabe pa EcoCash ya mayi aja, iwo n'kumabweza. Bambowo anakhalanso ndi moyo zaka zinayi, ndipo nthawi iliyonse ndikapita kukawaona ankandilonjera kuti, "Mwabwera kudzaona mzukwa wanu?" Ankaseka. Akazi awo sanasekepo.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mwambo wathu unali utandiphunzitsa kale zoyenera kuchita. Kumudzi maliro salengezedwa ndi aliyense amene wamva. Amayamba auzidwa mwini mbumba, kenako amfumu, ndipo otumidwa kukanena kumidzi ina amapita ndi dzina la amene wawatuma. Akafika amafunsidwa kuti wakutumani ndani. Amenewo ndiwo malamulo a mkonzi wanga wa inki yofiira uja, kungoti makolo anawayamba kale. Ndiye inu, uthenga wa zovuta usatuluke musanalankhule ndi mwini maliro, pakamwa ndi pakamwa, osati pa meseji. Funsani dzina lonse, mudzi wa kwawo, kumene amakhala kuno, ndiponso ngati ana onse auzidwa. Mwana asamve za imfa ya mayi ake pagulu la anthu 600 ali pantchito. Mukachedwa ndi ola limodzi palibe amene adzakudzudzuleni chaka chamawa.

Zithunzi ndi mavidiyo ndiye zimanyenga koposa, chifukwa maso amati taona tokha. Mu January 2021 muno mu Harare munayenda vidiyo ya mayi atanyamula khanda lolefuka, atagwira wapolisi malaya, anthu akukuwa. Mawu amene ankayenda nayo ankati wapolisiyo wapha mwanayo ndi chibonga. Apolisi anadzanena kuti mwanayo ali moyo. Vidiyo inali yeniyeni, mawu okwera pamsana pake ndiwo anali olakwika. Mtolankhani Hopewell Chin'ono, amene chaka cha 2020 anathandiza kuulula za kontirakiti ya Drax yogulira zipangizo za Covid-19 mpaka nduna ya zaumoyo Obadiah Moyo inachotsedwa, anamangidwa pomuganizira kuti anafalitsa nkhaniyi, pamodzi ndi andale Fadzayi Mahere ndi Job Sikhala. Anakhala m'ndende pafupifupi masabata atatu, ndipo mlandu wake unadzathetsedwa ndi High Court poti gawo la lamulo limene anamuzengera linali litafa kale. Iye anali ndi maloya ndi dzina lodziwika kunja. Inu ndi ine tilibe.

Kumbukiraninso usiku wa pa 10 June 2024, ndege imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi, Saulos Chilima, itasowa pa ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Magulu athu sanagone. Wina akuti yatera kwakuti, wina akutumiza chithunzi cha ndege ina ya dziko lina, wina voisi ya "mlamu wanga ndi msilikali". Inapezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atamwalira. Adimini amene anachita bwino usiku umenewo ndi amene analemba zochepa: chimene boma lanena ndi ichi, nthawi yakuti, china chilichonse tidikire. Ena anatseka gulu kuti olemba akhale ma adimini okha mpaka kutacha. Anatukwanidwa usikuwo, koma m'mawa anthu anathamangira kwa iwo.

Njira zofufuzira si zovuta. Chithunzi chiikeni pa Google Lens, ikuonetsani ngati chinatulukapo kale kwina. Wotumiza mufunseni funso limodzi: mwajambula ndinu? Akati "ayi, ndangochipeza pagulu lina", nkhani yathera pomwepo. Uthenga wokhala ndi timivi tiwiri pamwamba ndiye kuti wadutsa m'manja ambiri, ndipo WhatsApp yeniyeniyo inachepetsa kufowada, mu 2019 kufika pa macheza asanu nthawi imodzi, mu 2020 kufika pa amodzi kwa mauthenga oyenda kwambiri, chifukwa cha mabodza omwewa. Voisi yopanda dzina la wolankhula, malo ndi tsiku ndi mphekesera chabe, ngakhale mawu ake atakhala aulemu chotani, ndipo masiku ano makompyuta akutha kutsanzira mawu ndi nkhope ya munthu. ZimFact, imene inayamba mu 2018, imafufuza nkhani zambiri zoyenda muno, muziyang'anako. Mukalakwa, poti tsiku lina mudzalakwa, WhatsApp imakupatsani mphindi 15 zokha zosinthira uthenga ndi masiku awiri oufufutira, koma amene anafowada kale simungawagwire. Lembani uthenga watsopano woyamba ndi mawu akuti KUKONZA, nenani chimene munalakwitsa mosazungulira, ndipo pabulogu konzani n'kusiya kamzere konena kuti mwakonza liti. Apa bulogu imaposa zonse, chifukwa nkhani yokonzedwayo ndi imene imatsala.

Za boma. Gawo 61 la malamulo aakulu a dziko limapereka ufulu wolankhula ndi kufalitsa nkhani kwa munthu aliyense, osati kwa a khadi okha, koma limachotsapo kulimbikitsa ziwawa, mawu a chidani, kuipitsa mbiri ya munthu mwadala ndi kulowerera zachinsinsi zake popanda chifukwa. AIPPA inachotsedwa mu 2020, m'malo mwake munabwera Freedom of Information Act. Khadi ya Zimbabwe Media Commission mudzaifuna mukadzayamba kupita kumisonkhano ya boma, ku Nyumba ya Malamulo, kapena kujambula pamene pali apolisi, chifukwa chinthu choyamba chimene amafunsa ndi chimenecho. Kuipitsa mbiri sikulinso mlandu womangitsa, Constitutional Court inagamula mu 2014 n'kutsimikizanso mu 2016, koma munthu akhoza kukusumirani kuti mumulipire, ndipo mawu akuti "ndinangofowada" sakupulumutsani. Lamulo loti mulisamale kwambiri ndi Cyber and Data Protection Act la 2021. Linalowetsa m'malamulo a milandu gawo lakuti wofalitsa pa intaneti zabodza zokhudza munthu wodziwika dzina, akudziwa kuti ndi zabodza, n'cholinga chomuvulaza m'maganizo kapena pachuma, akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 5. Ndipo mu 2025 mtolankhani Blessed Mhlanga anakhala m'chitokosi miyezi yoposa iwiri asanapatsidwe belo, pa mawu amene analankhula munthu wina pa pulogalamu ya pa intaneti. Mawu a mlendo wanu ndi katundu wanu.

Lamulo lomwelo limakhudzanso kaundula wanu. Muli ndi manambala a foni, manambala a zitupa, mayina a ana a anthu. Mu November 2024 kunamveka kuti adimini aliyense wa gulu la WhatsApp azigula laisensi ku POTRAZ, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, anthu n'kuyamba kuthawa u adimini, kenako nduna Tatenda Mavetera inati nkhaniyo ikukhudza osonkhanitsa zachinsinsi za anthu pochita malonda. Poti bungwe lanu limatolera ndalama ndi kusunga kaundula, komiti ipite ikafunse ku POTRAZ kapena kwa a MISA Zimbabwe, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani, kuti muli mbali iti. Pakadali pano kaundulayo asayandikire bulogu. Pagulu lanu pali anthu opanda mapepala okwanira, ndipo chithunzi chimodzi cha pamsonkhano chokhala ndi mayina pansi pake chikhoza kumubweretsera wina mavuto amene simungawathetse. Musaiwalenso kuti kumudzi kuli Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, imene anthu amangidwa nayo chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mukalemba za munthu wa ku Blantyre muli ku Mufakose, tsiku lina mudzafuna kudutsa pa Mwanza.

Chilankhulo musachite nacho manyazi. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'gawo 6 la malamulo aakulu a Zimbabwe, ndipo National FM imaulutsa m'Chichewa. Koma dziwani owerenga anu. Agogo amachilankhula bwino koma maso anatha, ena sukulu sanaione. Adzukulu amachimva, amayankha m'Chishona, kuwerenga amawerenga Chingerezi. Choncho nkhani yofunika izituluka kawiri: yolembedwa, ndi voisi yosapitirira mphindi ziwiri, mukuwerenga nokha, kuyamba ndi dzina lanu ndi tsiku. Gogo akamva mawu anu kawiri katatu adzawazolowera ngati a muulutsi wa pa wailesi. Mawu a Chishona akalowamo asiyeni, ndimo mmene timalankhulira kuno. Chimene sindifuna ndi kutenga nkhani ya Chingerezi n'kuiponya mu Google Translate. Chichewa chilimo kuyambira 2014, koma chimatuluka ngati cha mzungu wa kumishoni amene wangofika kumene, ndipo pa nkhani ya malamulo kapena ya mankhwala chikhoza kutembenuza tanthauzo.

TikTok ili ndi malo ake. Achinyamata ali kumeneko, ndipo kwaya ya CCAP kapena gule akamavinidwa pabwalo ku Dzivarasekwa zimayenda bwino pavidiyo kuposa pa zilembo. Mupatseni mwana wa mlongo wanuyo mbali imeneyo, koma apemphe kaye kwa eni gule, ndipo za kudambwe zisajambulidwe. Vidiyo imadya data, ndiye isakhale njira yanu yaikulu. Koma chizolowezi chatsopanochi choulutsa maliro pa Facebook, foni ili pankhope ya namfedwa, bokosi lili lotsegula, ine chimandinyansa. Abale akutali amafunadi kuona, ndikumvetsa. Banja likapempha, jambulani ulaliki ndi nyimbo mutaima patali, ndipo muwatumizire iwo okha.

Ndalama ndisakunamizeni, n'zochepa. AdSense ya Google, imene imalipira eni mabulogu, Chichewa sichili pa mndandanda wa zilankhulo zake. YouTube imafuna olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12 musanayambe kugawana nawo za malonda, ndipo malonda oonedwa ndi anthu a kuno amalipira pang'ono. Kandalama kamene kalipo kali pafupi nanu: wonyamula katundu kupita ku Blantyre kuchokera pa Roadport, mayi wogulitsa usipa ndi mpunga wa Kilombero, telala wosoka mayunifolomu a chigwirizano. Amenewa akhoza kulipira madola angapo pamwezi kuti muziwatchula, zokwanira data ndi kulipirira dzina la tsamba chaka ndi chaka. Lembani pamwamba pake kuti MALONDA, kuti wowerenga asiyanitse. Ndalama imeneyo isasakanikirane ndi ya bungwe, ndipo komiti idziwe. Chipondamthengo, kaenvelopu kaja kamene wandale kapena m'busa amakupatsira kuti umulembe bwino, chikaneni kuyambira tsiku loyamba. Dera lathu ndi laling'ono, zimamveka.

Poyambira ndi apa. Gulu la bungwe lisiyeni likhale la maliro ndi zopereka monga kale, poti gulu limathera pa anthu 1,024 ndipo aliyense amaona nambala ya mnzake. Za nkhani tsegulirani WhatsApp Channel, imene inabwera mu 2023: olemba ndinu nokha, otsatira saonerana manambala, kungoti imasunga za masiku 30 okha, n'chifukwa chake chilichonse cholemera chizikagona kubulogu. Bulogu yaulere ya WordPress kapena Blogger ikukwanirani chaka choyamba. Itsegulireni pa imelo yakeyake, osati ya mwana wa mlongo wanu, chifukwa achinyamata amapita ku Joni ndi mapasiwedi m'thumba. Ikani PIN yachiwiri pa WhatsApp yanu lero lomwe, ndipo nambala ya manambala 6 ija imene imabwera pa SMS musapatse munthu, ngakhale atalemba ngati m'busa wanu, chifukwa akuba magulu amalowera pamenepo n'kuyamba kupempha chipepeso m'dzina lanu. Pezani munthu mmodzi wamutu wozizira, kaya mphunzitsi wopuma kaya mkulu wa mpingo, woti aziwerenga nkhani yovuta musanaitumize. Ameneyo ndiye mkonzi wanu.

Nkhani yoyamba isakhale ya ndale. Loweruka likubwerali pitani kwa membala wamkulu kuposa onse m'bungwe lanu, mutenge shuga ndi buledi, mukhale pansi, foni muiike pamphasa ikujambula mawu. Afunseni kuti anachoka mudzi uti, chaka chanji, anawoloka bwanji Zambezi, anagona kuti usiku woyamba mu Salisbury (dzina lakale la Harare), ndani anawalandira, anasiya ndani kumudzi. Musawadule. Mukamaliza muwawerengere zimene mwalemba, avomereze, ndiye muziike. Mukatero munditumizire linki, bandulo yanga imatsegula.